Mano a mwana timawanamizira zambiri

Mwana akangofika miyezi 5 kapena 6 basi, chilichonse chomwe chingamuchitikire yankho lake limakhala lokonzeka kale, ndi mano amenewo. Akatsegula m'mimba, mano. Thupi likatentha usiku, mano. Akakana bere, akasanza, olo atayamba chifuwa, aneba amangosuzumira mkamwa kamodzi n'kunena kuti aaa musadandaule amake mwana, akumera uyu. Nde iwe mtima umakhala pansi, kupita ku Limbe kukagula ka teether, kachidole koti mwana azitafuna kaja, kubwera kumadikira dzino. Ine nkhani imeneyi imandisowetsa mtendere ndithu, ndipo ndati ndilembeko lero poti wanga wachiwiri ali pa nthawi yomweyi, dovu chuchuchu tsiku lonse, chilichonse chomwe wagwira ulendo wake ndi wa kukamwa, kaya ndi foni kaya ndi nsonga ya chitenje kaya ndi chala cha mkulu wake.

Sikuti ndikukana kuti kumera mano kumavuta ayi. Kumavuta. Nkhama zimatupa pang'ono n'kufiira, zimanyerenyetsa, mwana amangofuna choti alume. Dovu limachuluka mpaka malaya kunyoweratu pachifuwa, pachibwano n'kutuluka totupa tofiira chifukwa chokhala ponyowa, tulo timakhala toduladula, ena amakoka khutu la mbali yomwe dzino likubwera, phala amatha kulikana tsiku limodzi kapena awiri. Thupi limafundako pang'ono. Koma zonsezi zimachitika masiku ochepa dzino lisanaboole ndi ochepanso litaboola, sizitenga mwezi wathunthu. Ana ambiri amayamba pa miyezi 6, ena amafulumira pa 4, ena amakwanitsa chaka mkamwa muli pululu ndipo palibe cholakwika. Amayamba ndi awiri apansi kutsogoloku, kenako awiri a m'mwamba, kumapita m'mbali choncho mpaka onse 20 kukwana mwana ali ndi zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Ku sikelo kumakhala kampikisano kachinsinsi, wanuyo angati, wangayu ali kale ndi anayi, ngati kuti pali mphoto. Ndipo mwana akayamba ndi a m'mwamba akuluakulu ena amayang'anana ngati awona malodza, pomwe ndi dzino basi langotsogola lomwe latsogola.

Chomwe mano sachita ndi kutsegulitsa m'mimba kwa madzimadzi kuja, ndi kutenthetsa thupi kufika pa madigiri 38 kapena kupitirira. Ndikudziwa apa ambiri mwayamba kale kundiyankha mumtima kuti iwe ana anga onse atatu ankatsegula akamamera. Zoona ankatsegula, sindikuti mukunama. Koma taonani zina zomwe zimachitika pa msinkhu womwewo. Chitetezo chomwe mwana analandira kwa mayi ake ali m'mimba chimakhala chikuchepa pa miyezi imeneyi pomwe chakechake sichinakhwime. Ndi nthawi yomwe tayamba kumupatsa phala ndi madzi, kale amangoyamwa bere lokha lomwe ndi loyera nthawi zonse, pano kwabwera supuni, kapu, mbale, manja a aliyense womudyetsa. Wayamba kukhala pansi, kenako kukwawa, manja pa dothi manja mkamwa. Ndipo chifukwa cha kunyerenyetsa kuja akuluma chilichonse chomwe wapeza. Nde majeremusi apeza khomo lotsegula. Kuwonjezera apo mano amakhala akutuluka limodzilimodzi kwa zaka ziwiri zathunthu, kutanthauza kuti tsiku lililonse lomwe mwana angadwale, ukamutsegula kukamwa upezadi dzino lina lili m'njira. Dzinolo limangopezekapo, mlandu n'kuligwera.

Ndipo teether yomwe timagula kuti ithandize nthawi zina ndi imene imanyamula matendawo. Tsiku lina mu minibasi yochokera ku Limbe ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachitsikana, mwana wake wonenepa bwino, wovekedwa bwino, akutafuna ka teether kobiriwira kooneka ngati kiyi. Kufika pa Ginnery Corner dalaivala kuponda buleki, ka teether kaja pansi, kugubuduka mpaka kunsi kwa mpando wa kutsogolo komwe kunali thumba la tomato ndi matope a nsapato za anthu onse omwe akwera kuyambira m'mawa. Kondakitala anawerama n'kukatola ndi dzanja lomwelo lomwe lapinda ndalama pakati pa zala, mayi uja anathokoza, kukapukuta kawiri pa chitenje, kukauzira fuu, n'kukabwezera mkamwa mwa mwana poti anali atayamba kale kulira ndipo anthu amayang'ana. Sindikumuweruza, aliyense amene anakwerapo minibasi ndi mwana wolira akudziwa mmene zimakhalira. Koma mwana ameneyo akanatsegula m'mimba mawa lake kunyumba kwawo akanati chani? Mano.

Ife a ku Blantyre nkhani ya m'mimba sitiyenera kuitenga mwamasewera. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sukulu za kuno ndi ku Lilongwe mpaka zinachedwa kutsegulira mu January 2023, kenako namondwe wa Freddy kudzagumula zimbudzi ndi mapaipi mu March. Madera ambiri madzi ndi a pa kiyosiki, a pa mjigo, osungidwa mu ndowa masiku angapo. Katemera wa rota uja amawadonthezera ana mkamwa ku sikelo, yemwe anayamba mu 2012, anathandiza kwambiri koma amateteza ku kachilombo kamodzi, si onse. Mwana wa miyezi 8 thupi lake ndi laling'ono, madzi amamuthera msanga, zomwe wamkulu angapirire masiku atatu iye usiku umodzi wokha wafooka.

Apa ndi pomwe nkhani ya liwombo imalowa. Liwombo likalowa mkati mwana akutsegula m'mimba, ambiri timathamangira mankhwala opaka pamutu aja. Komatu kulowa kwa liwombo ndi chizindikiro choti madzi atha m'thupi, vuto silili pamutu. Pamodzi ndi maso olowa, kulira kopanda misozi, mkamwa mouma, thewera kukhala louma maola ambiri, khungu la pamimba ukalitsina kumabwerera pang'onopang'ono. Chofunika pamenepo ndi Thanzi, kusungunula mu madzi owiritsa kapena othira WaterGuard monga momwe alembera pa paketi, kumamwetsa pang'onopang'ono ndi supuni olo akusanza, kupitiriza kuyamwitsa kuposa kale, ndi mapilitsi a zinc aja kwa masiku 10 mpaka 14, kumaliza onse ngakhale m'mimba mwasiya. Koma akafika pokana kuyamwa, kusanza chilichonse chomwe wamwa, kugona kosadzutsika bwino, kukomoka, kupuma mothamanga, kapena mwaona magazi m'chimbudzi, musadikire kuche, berekani mwana mupite kuchipatala. Kutentha thupi nakonso, kuno ndi dera la malungo. Kuyeza kwake ndi kubaya kachala, mphindi 20 zotsatira zatuluka, ndipo pa zipatala za boma monga ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe kapena Limbe salipiritsa. Malungo a mwana wosakwana chaka sachedwa kufika poipa, omwe amathera ku chipatala chachikulu cha Queens ambiri amakhala atayamba ndi kathupi kofunda komwe wina anati tione kaye mawa.

Vuto ndi loti onena kuti ndi mano nthawi zambiri amakhala akuluakulu omwe sungawatsutse pamaso. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaona mdzukulu, n'kupeza kamwanako kakutsegula. Ndikukonzeka zopita kuchipatala iwo amvekere, “Amake mwana, ine ndalera ana asanu ndi awiri, mano amabwera ndi m'mimba. Musamathamangire kuchipatala ndi zilizonse, mungotopetsa mwana ndi dzuwa.” Ine sindinalimbane nawo za mano. Ndinangoti, “Zoona amayi, mwaona zambiri inu. Koma tiyeni tiperekezane akangomuyeza kaye, akatiuza kuti palibe kanthu tikagona tulo tabwino tonse.” Anamanga mpango tinapita. Malungo sanapezeke, anatipatsa Thanzi ndi zinc, mwana anachira, patapita masiku dzino linatulukadi, apongozi mpaka lero amati ndinanena ine. Ndimangoti eya amayi. Zoti awine mkangano ine zilibe kanthu, bola mwana anayezedwa.

Ndipo musaganize kuti chikhulupiriro chimenechi ndi cha ife tokha kapena cha kumudzi. Ku London m'zaka za m'ma 1800 madokotala enieni ankalemba kuti mwana wafa ndi kumera mano, ana ambirimbiri, ndipo ankacheka nkhama ndi mpeni ati kuti dzino lipeze njira. Mankhwala a ufa omwe ankagulitsa a mano anali ndi mercury mkati, ana ankadwala matenda ofiiritsa manja ndi mapazi n'kumasupuka khungu, anthu osadziwa kuti akuchokera ku mankhwala omwewo, mpaka anawachotsa cha m'ma 1950 matendawo n'kuzimiririka. Ku Uganda ndi mbali zina za Tanzania mpaka pano alipo omwe amakolokosola nkhama za khanda ndi waya kapena lezala kuchotsa timano tomwe sitinatuluke, poganiza kuti ndi tomwe tikutsegulitsa m'mimba, ana ena kutaya magazi, ena mabala kulowa matenda. Wina aliyense akati abweretse lezala pafupi ndi kukamwa kwa mwana wanu, kaya ndi ndani, kanani.

Za mankhwala opaka pa nkhama a ku famase aja, ine ndalama yanga sindiwonongerapo. Choyamba dovu limawatsuka mphindi zochepa, mwana n'kumeza. Chachiwiri ena ndi oopsa. Mu 2018 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linachenjeza kuti mankhwala okhala ndi benzocaine asapakidwe kwa ana osakwana zaka ziwiri chifukwa amatha kupangitsa magazi kulephera kunyamula mpweya, mwana milomo kuda bii. Enanso amakhala ndi choline salicylate, wachibale wa aspirin, yemwe ku Britain anamuletsa kwa ana osakwana zaka 16. Nde musanagule tembenuzani kabokosi muwerenge, osangomvera kuti ndi zomwe aliyense akugula. Aspirin weniweniyo musamupatse mwana, ndipo kumuphwanya n'kupaka pa nkhama kumawotcha. Uchi ayi mpaka atakwanitsa chaka. Kadontho ka mowa kuti agone, abale, imeneyo ndiye tisakambirane n'komwe. Komanso chizolowezi chopita pa okala kukagula Bactrim kapena Flagyl mapilitsi awiri n'kumuphwanyira mwana mu supuni, mulingo wongoganizira, chisiyeni. Ngati usiku wavutadi ndipo mwana akuoneka kuti akumva ululu, panado wa madzi wa ana amathandiza, koma mulingo wake umayendera kulemera kwa mwana, afunseni anesi ku sikelo akulembereni m'kabuku. Ndipo panado asakhale njira yobisira thupi lotentha masiku awiri atatu musanayezetse.

Tsono ma teether. Ndi abwino, amathandiza, chifukwa chomwe nkhama zikufuna ndi kupanikizidwa ndi chinthu cholimbirako komanso kuzizira. Koma m'mashopu a ku Limbe ndi mu msika muli a mitundumitundu, ndipo okongola kwambiri ndi omwe ine ndimawaopa. Yabwino ndi ya labala yolimba kapena silicone, chinthu chimodzi chathunthu chopanda tizidutswa tomata, yayikulu moti singalowe yonse mkamwa, yosapakidwa penti. Ndimaikoka ndi kuipinda mu shopu momwemo, ndimainunkhizanso, ikamanunkha pulasitiki wamphamvu kapena ukaikanda ndi chikhadabo mtundu n'kumachoka ndimaisiya. Aja okhala ndi madzi mkati, tinsomba tikuyandama, amasangalatsa maso koma dzino likangotuluka mwana amaboola, ndipo madzi a mkatimo palibe akudziwa kuti ndi a chani, komanso sungawawiritse. Okhala ndi kabowo olira ukawafinya aja madzi amalowa mkati n'kuchita nkhungu yakuda yomwe suioneka kunja. A pa kaunjika otsika mtengo ndithu, koma labala ikakalamba imang'aluka ndi kumata, ndipo simukudziwa yatafunidwa ndi ana angati, ngati mwagula yang'anitsitsani ming'alu ndipo muiwiritse isanafike kwa mwana.

Nzeru yomwe ndinaipeza yothandiza ndi kukhala ndi awiri kapena atatu otchipa m'malo mwa imodzi yodula. Ina ikagwa pansi imapita mu kathumba ka zakuda, kutulutsa ina yoyera mu kakontena kotseka. Madzulo kutsuka zonse ndi sopo, kutsukuluza ndi madzi owiritsa, kuyanika pa thandala osati pa khonde pomwe nkhuku za aneba zimadutsa. Ntchito yake ndi imeneyo basi, ndipo ndi yofunika kuposa dzina la kampani yomwe yalembedwa pa paketi.

Kuti isagwe, ambiri amaimangirira chingwe n'kumukoloweka mwana m'khosi. Musatero chonde. Chingwe cha m'khosi chimakola pa chinthu mwana akukwawa kapena kumupota ali mtulo. Chaka chomwecho cha 2018 a FDA anachenjezanso za mikanda ya amber yomwe amaitsatsa pa intaneti ati imachotsa ululu wa mano, mwana wa miyezi 18 atafa chifukwa chopotedwa ndi mkanda wake akugona, ndipo palibe umboni woti mikandayo imachita kanthu. Ndayamba kuiona ikugulitsidwa pa Facebook kuno, mtengo wake wokwera. Nkhani yomweyo ikukhudzanso zingwe ndi mikanda yathu yomwe agogo amamumanga mwana m'khosi. Za mphamvu yake sindilowererapo, aliyense ndi kwawo, ine ndikunena za chingwecho, ndi kamkanda komwe kangaduke n'kulowa kukhosi. Ngati mukufuna teether isamagwe gwiritsani kalamba kafupi kopanira pa malaya, ndipo pogona muchotse.

Kuziziritsa, ikani mu fuliji osati mu filiza. Youma gwa ndi ayezi imapweteka nkhama. Kwa omwe mulibe fuliji, kapena muli nayo koma magetsi athima kuyambira m'mawa, musadandaule. Kathawulo kakang'ono koyera, kuviika mu madzi owiritsa omwe azizira mu mtsuko, kufinya, kupota n'kumupatsa kuti atafune, wanga amakakonda kuposa teether. Supuni ya chitsulo yoviikidwa m'madzi ozizira omwewo, kuigwira inuyo n'kumaikanikiza pa nkhama. Ndipo choposa zonse ndi chala chanu, kusamba m'manja ndi sopo, zikhadabo zowenga, kumatikita nkhama pang'onopang'ono, mumamva kadzino kali pansi ngati kanjere, mwana amangoti zii maso ali pa inu n'kumaluma. Bambo ake ndi omwe amaitha ntchito imeneyi kunyumba kwathu, amati chala chawo ndi chachikulu chimakwana bwino, ine sinditsutsa poti ndimapezerapo mpata wophika.

Zakudya zolimba zomwe timakonda kuwapatsa kuti azikukuta, karoti wamuwisi, chinangwa, apozi, fupa la nkhuku, nzimbe, samalani nazo. Mwana wopanda mano amangozinyambita, koma timano tiwiri tapansi tija ndi takuthwa, timabenthula kachidutswa koti sangathe kutafuna ndipo kamatsamwitsa mwakachetechete, mwana wotsamwa salira. Ngati mwamupatsa chinthu chotere mukhale pomwepo maso ali pa iye, atakhala tsonga, osati ali kumbuyo mu mbereko inu mukuchapa. Mabisiketi, majigisi ndi mafulizesi kuti atonthole, amatontholadi, koma shugayo akukhala pa dzino lomwe langotuluka kumene.

Kwa oyamwitsa, eee kulumidwa kulipo ndipo kumawawa mpaka misozi. Koma mwana akamayamwa zenizeni sangalume chifukwa lilime limakhala litaphimba mano apansi, amaluma akakhuta n'kuyamba kusewera. Mukaona wayamba kuchedwetsa ndi kuyang'ana uku ndi uku lowetsani kachala pakona ya kamwa mumuchotse. Akaluma musakuwe kapena kumumenya, ena amaseka n'kubwereza, ena amachita mantha n'kukana bere. Mumuchotse, muuzeni ayi ndi nkhope yosaseka, mumupatse teether. Ndipo si chifukwa chomuletsera kuyamwa, bere lipitirire mpaka zaka ziwiri, pa nthawi ino ndi pomwe akulifuna kwambiri poti likumuteteza ku m'mimba momwe tikunenamu. Totupa ta pachibwano tija, kupukuta mosakhula ndi kansalu kofewa, kupaka Vaseline pang'ono, kusintha malaya akanyowa.

Dzino loyamba likangotuluka kutsuka kwayamba. Ambiri timati si ogwa omwewa, koma a kumapeto aja amakhala mkamwa mpaka mwana ali ndi zaka 10 kapena 12, ndipo amasungira malo mano achikulu. Akawola mwana amamva ululu weniweni, kudya kumavuta, mafinya amatha kuwononga dzino lomwe likudikira pansi. Kamswachi kofewa ka ana, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride kungopaka pang'ono kukula kwake kanjere ka mpunga, m'mawa ndi pogona. Adzalimbana nanu, adzaluma mswachi, pitirizani, ine ndimamugoneka pamiyendo mutu uli kwa ine kuti ndizionamo bwino. Chomwe chimawoletsa mano a kutsogolo a ana ambiri ndi botolo la tiyi wa shuga kapena Sobo lomwe amagona nalo mkamwa usiku wonse. Ndipo akafika miyezi 18 opanda dzino olo limodzi, pitani naye akamuone a mano, ku Queens aliko.

Omwe muli pa timano tiwiri toyamba musaganize kuti mwamaliza. Akuluakulu otafunira aja amabwera mwana atapitirira chaka, osongoka a m'mbali kutsatira, omaliza a kumapeto cha pa zaka ziwiri, ndipo amenewo teether yozungulira sifikako, pamafunika yayitaliko kapena kathawulo kaja. Wamkulu wanga pa nthawi imeneyo anatafuna mphepete mwa tebulo mpaka vanishi kuchoka.